Kodi makina a AI angatiuze kuti chambo chadwala chisanayambe kufa m'makola?

Che Mdoka, Makawa

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kalabu yathu ili ndi makola 4 a chambo panyanja, lililonse mamita 5 mulitali, 5 mulifupi, 4 kuya kwake, ndipo m'khola lililonse timaikamo nsomba 5,000. Kumtunda tili ndi madamu 3 a makumba ndi chilunguni. Vuto lake aliyense woweta nsomba akulidziwa: timazindikira kuti zinthu zavuta nsomba zitayandama kale chagada, pamene chotsala n'kuzivuula n'kukakwirira.

Tamva kuti kunja kuli makamera ndi makompyuta a AI, oti amaphunzira kuchokera pa zithunzi ndi manambala amene apatsidwa, amene amayang'anira nsomba usana ndi usiku, n'kumuuza mlimi pafoni kuti nsomba zadwala, kapena sizikudya bwino, kapena zakula kufika pakuti. Kodi kwenikweni zimagwira ntchito bwanji? Zingatheke m'madzi athu ano a Mangochi ndi nsomba zathu zino? Nanga poti ndalama n'zochepa, tiyambe kugula chiyani? Amene mukuzidziwa bwino mutiuze mosabisa mawu chonde, ndalamazi ndi za anthu 20 amene achita kusonkherana.

Abiti Chande, Mpwepwe

Che Mdoka, ndikupempheni kuti nkhani ya kamera muyambe mwaiika pambali. Nsomba zikafera limodzi usiku umodzi, nthawi zambiri sizinaphedwe ndi matenda koma kusowa kwa mpweya wa okosijeni m'madzi. Ngakhale matendawo akabwera, kawirikawiri amapeza nsomba zitafooka kale ndi madzi oipa. Diso loyamba la makina alionse otere ndi sensa yoyeza okosijeni ndi kutentha kwa madzi.

Chambo ndi makumba zimadya ndi kukula bwino mpweyawu ukakhala mamiligalamu 5 pa lita imodzi ya madzi kapena kuposerapo, zimene pamakina zimalembedwa 5 mg/L. Ukatsikira ku 3 nsomba zimayamba kunyanyala chakudya, ndipo chimene mwathiracho chimamira n'kuwola, kuwolako n'kudyanso mpweya wotsalawo. Pansi pa 2 mudzaziona zili pamwamba kukamwa kuli yasa, zikumeza mpweya. Ukakhalitsa pansi pa 1 kwa maola angapo, zikuluzikulu zomwe mumayembekezera kugulitsa ndizo zimayamba kufa. Tsono madzi akatentha amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 amatha kusunga pafupifupi 9 mg/L, pa madigiri 30 pafupifupi 7.5 basi, ndipo poti nyanja yathu ili pamalo okwera mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja zamchere, pamenepo pamachokanso kena pang'ono. Nthawi yomweyo nsomba ikakhala m'madzi otentha thupi lake limafuna mpweya wambiri. N'chifukwa chake Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yoti mlimi wa nsomba ku Mangochi kuno asamagone tulo tofa nato.

Damu ndi khola sizivutika mofanana. M'damu mpweya umachokera ku ndere zobiriwira zija. Masana zimatulutsa mpweya, usiku zimaudya limodzi ndi nsomba ndi matope apansi, choncho umatsikitsitsa m'bandakucha, cha m'ma 4 mpaka 6 koloko. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana m'damu lobiriwira kwambiri, usiku wachitatuwo ndi woopsa. Pali masamu apafupi amene alimi ankagwiritsa ntchito AI isanabwere. Yezani 6 koloko madzulo, yezaninso 10 koloko usiku. Ngati munapeza 8.0 kenako 6.0, ndiye kuti ukutsika ndi 0.5 pa ola lililonse. Kuchokera 10 koloko kufika 5 koloko m'mawa ndi maola 7, chotsani 3.5, mutsala ndi 2.5. Mwadziwiratu usiku womwewo kuti m'mawa kudzakhala kovuta. Chimene AI imachita pa nkhani ya madzi n'chomwechi, kungoti iyo imaphatikizapo kutentha, mphepo, mitambo, chakudya chimene mwathira ndi zimene zinachitika masiku am'mbuyo, ndipo sitopa kuwerengera.

M'khola mpweya umabwera ndi madzi odutsa m'maso a ukonde. Ukonde ukatsekeka ndi ndere, kapena nyanja ikangoti bata masiku otentha, madzi a m'kati sasinthana ndi akunja. Nsomba zanu 5,000 zikafika magalamu 300 imodzi, ndi makilogalamu 1,500 m'malo a makyubiki mita 100, ndipo zikangomaliza kudya zimapuma kwambiri kwa maola angapo. Ikani sensa imodzi m'kati mwa khola pakuya mita 1, ina pa mamita 3, ndipo ngati mungathe ina kunja kwa khola mbali imene madzi akuchokera. Kusiyana kwa m'kati ndi kunja kukamakula sabata ndi sabata, ukonde wanu wafuna kutsuka, ngakhale maso akuuzeni kuti ukadali bwino.

Musaiwale mwera. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala mphepoyi imakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo kuno kumwera kumatumphuka madzi ozizira apansi. Madzi akazizira mwadzidzidzi nsomba zimachepetsa kudya popanda kudwala kulikonse, ndipo madzi ochokera pansiwo nthawi zina amabwera ndi mpweya wochepa. Makina amene sadziwa za mwera adzakuuzani kuti nsomba zadwala pamene zangozizidwa.

Chinthu choyamba kugula, kwa ine, ndi kamakina ka m'manja koyezera okosijeni, ndi kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse, khola lililonse patsamba lakelake: mpweya ndi kutentha m'bandakucha ndi 2 koloko masana, makilogalamu a chakudya, mphindi zimene zatenga kuti chithe, nsomba zakufa zingati, zimaoneka bwanji, mphepo ikuchokera kuti. AI imaphunzira kuchokera pa zolembedwa. Popanda kopelo ilibe pogwira.

Yusufu wa zamagetsi, Mangochi Boma

Zimene anena mayi Abiti Chande ndikugwirizana nazo. Ine ndifotokoze za zipangizo, chifukwa ntchito zambiri zotere sizilephera pa nzeru za kompyuta, zimalephera pa waya wolowa madzi ndi sensa yakuda.

Choyezera kutentha chotchipa ndi chodalirika ndi DS18B20 chija chokutidwa ndi chitsulo, chimalakwitsa ndi theka la digiri basi. Masensa a okosijeni alipo mitundu iwiri. Wina uli ndi kachikopa kopyapyala kunsonga ndi timadzi ta mankhwala m'kati. Ndi wotsika mtengo, koma poyeza umadya mpweya umene uli pakachikopapo, ndiye madzi akangokhala osayenda, monga m'damu usiku, umaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Kachikopako ndi timadzito zimafuna kusintha pafupipafupi. Mtundu wachiwiri umayeza ndi kuwala, sufuna madzi oyenda, ndipo kachipewa kake kamasinthidwa pakatha chaka kapena ziwiri. Ndi wodula, koma woti uzikhala m'madzi usana ndi usiku ndi umenewu. Masensawa amalumikizidwa ku kabolodi ka ESP32, komwe ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi memore khadi ndi kachipangizo kolowa simu khadi ya Airtel kapena TNM. Musanagule simu, pitani pakhola penipenipo ndi mafoni awiri mukaone netiweki imene ikugwira, chifukwa kugombe ndi panyanja zimasiyana. Zonsezi zikhale m'bokosi losalowa madzi, mawaya atulukire pansi pa bokosi osati pamwamba, ndipo m'kati muikemo timapaketi toyamwa chinyezi.

Kuyeza kamodzi pa mphindi 15 zilizonse n'kokwanira, ndi manambala 96 pa tsiku pa sensa imodzi. Azilembedwa kaye pa memore khadi kenako n'kutumizidwa, kuti netiweki ikadula musataye kanthu.

Mdani wamkulu ndi ndere zomera pa sensa. Zikakuta nsonga, masana zimatulutsa mpweya pomwepo ndipo makina amaonetsa 9 pamene madzi ali pa 6, usiku n'kuonetsa yotsika mopitirira. Pukutani ndi kansalu kofewa masiku awiri kapena atatu alionse m'damu, kamodzi pa sabata panyanja, osakanda ndi chikhadabo. Pa sabata ziwiri zilizonse iwongoleni: ikani sensa m'botolo lokhala ndi kansalu konyowa pansi, isakhudze madzi, idikire mpaka nambala ikhazikike, muiuze kuti pamenepo ndi 100 peresenti. Poyesa ziro amagwiritsa ntchito madzi osungunuliramo sodium sulphite, amene amachotsa mpweya wonse. Sensa ya pH, muyezo woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi, imawongoledwa ndi timadzi take ta 4, 7 ndi 10. Masensa otchipa a amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba ndi chakudya chowola, musataye nawo ndalama, amasokera msanga. Gulani timabotolo todonthezera tija toyeza ndi mtundu wa madzi. Ndipo poyeza amoniya yezaninso pH nthawi yomweyo, chifukwa gawo la amoniya limene limapha limadalira pH. Pa madigiri 28, pH ikakhala 7 gawolo silikwana 1 peresenti, pa 8 lili pakati pa 6 ndi 7 peresenti, pa 9 limafika pafupifupi 40 peresenti. Damu lobiriwira kwambiri limatha kufika pH 9 masana, ndiye amoniya yemweyo amene m'mawa sanali vuto, 3 koloko masana akuwotcha makha a nsomba.

Tsopano AI imalowa pati? Kuti foni ilire mpweya ukatsika pansi pa 3, pamenepo sipafunika AI, ndi lamulo chabe limene mumauza kabolodi. AI imathandiza pa ziwiri. Imalosera kuti pakatha maola 4 kapena 6 mpweya udzakhala pati, ndiponso imaphunzira mmene khola lililonse limakhalira masiku abwino n'kukuchenjezani likayamba kuchita zachilendo, mwachitsanzo khola lachitatu lokha likamatsika msanga kuposa anzake atatu amene ali m'madzi omwewo. Koma kuti iphunzire imafuna manambala a nyengo zonse: chisanu cha mwera, chilimwe, ndi dzinja pamene mitsinje imathira matope m'nyanja. Pulogalamu yophunzitsidwa ndi manambala a Juni yokha idzasokonezeka mu Novembala. Chaka choyamba chitengeni ngati chosonkhanitsa manambala, uku mukudalira lamulo lapafupi lija.

Machenjezo akhale a magawo awiri, lachikasu pa 4 ndi lofiira pa 3, ndipo chenjezo lisalire pa nambala imodzi yokha koma zitatu zotsatizana. Kupanda kutero foni izilira usiku uliwonse nsomba ikangogunda sensa, ndipo pakatha mwezi mlonda adzasiya kuilabadira. Makinawo azitumizanso uthenga tsiku lililonse 6 koloko m'mawa wonena kuti ali moyo ndi mphamvu ya batire. Uthengawo ukapanda kubwera, wina akwere bwato akaone. Kukhala chete kwa makina sikutanthauza kuti nsomba zili bwino.

Za magetsi: masensa ndi ESP32 zimadya zochepa, sola yaing'ono ikwana. Mukawonjezera kamera ndi kompyuta yaing'ono ngati Raspberry Pi, werengerani mawati 10 usana ndi usiku, omwe ndi 240 Wh (mawati 10 kuchulukitsa ndi maola 24) pa tsiku. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200 Wh, koma la asidi musalitsitse kupitirira theka, ndiye muli ndi masiku awiri ndi theka opanda dzuwa. Sola ya mawati 100 ingakwanitse, bola muzipukuta zitosi za mbalame, chifukwa akakowa amakonda kutera pamakola. Vidiyo musamaitumize pa intaneti. Ola limodzi la vidiyo yooneka bwino limatha kudya bandulo yoposa gigabaiti imodzi. Kompyutayo iziwerengera pomwepo pakhola, kufoni kuzibwera manambala ndi zithunzi zowerengeka.

Bambo Kalonga, Monkey Bay

Ine ndisiyane nawo pang'ono anzangawa. Kamera si yoitaya kutali choncho, makamaka kwa inu a makola, chifukwa madzi a nyanja yathu miyezi yambiri ndi oyera ndipo kamera imaona. M'damu lothira manyowa, mmene dzanja limasowa mukaviika mkono kufika m'chigongono, kamera ya pansi pa madzi ndi yopanda ntchito. Kumeneko iwalaniko.

Mmene zimagwirira ntchito ndi motere. Mumajambula zithunzi zambirimbiri za nsomba, munthu n'kukhala pakompyuta kumalemba kabokosi kuzungulira nsomba iliyonse ndi kutchula chimene chilipo: iyi ili bwino, iyi ili ndi chilonda, iyi diso latupa, ichi ndi chakudya choyandama. Pulogalamu, monga ija yotchuka yotchedwa YOLO, imaphunzira pa zithunzizo mpaka izitha kuloza yokha pa zithunzi zatsopano. Imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa. Ku Norway kampani ya Aquabyte imawerenga nsabwe za pa nsomba za salmon ndi kuyerekeza kulemera kwake ndi kamera, ndipo ku Japan makina odyetsera a Umitron amaona ngati nsomba zikadali ndi njala. Zimenezo zimagwiradi ntchito kwawoko. Koma salmon si chambo, ndipo mapulogalamu ambiri a nsomba za mtundu wathu anaphunzitsidwa pa Nile tilapia, imene malamulo a dziko lino salola kuweta m'dera la nyanja ya Malawi. Wogulitsa akabwera, mufunseni funso limodzi: pulogalamuyi inaonapo Oreochromis karongae (chambo) kapena Oreochromis shiranus (makumba)? Akayankha kuti nsomba ndi nsomba basi, musasaine kanthu.

Taonani mmene ingasokerere. Chambo chachimuna cha karongae chikafika poswana chimada bii, m'mphepete mwa chipsepse chapamsana n'kuyera. Makumba aamuna nawo amada, m'mphepete mwa zipsepse n'kufiira. Pulogalamu yophunzitsidwa kuti kuda kwa thupi ndi chizindikiro cha kudwala, kapena kuti kufiira ndi magazi, idzaliza belu nyengo yonse yoswana. Zazikazi zimafungatira mazira ndi ana m'kamwa ndipo nthawi imeneyo sizidya. M'damu losakaniza zazimuna ndi zazikazi chakudya chimatha kutsala chifukwa cha zimenezi zokha.

Ntchito ya kamera imene ndimaiona yaphindu msanga ndi yoyang'ana kadyedwe. Nsomba isanaonetse chilonda imayamba yasiya kudya. Mangani kamera pamtengo wa mamita 2 pamwamba pa malo odyetsera, iyang'ane pansi, dzuwa likhale kumbuyo kwake, ndipo pagalasi muikepo kasefa kochotsa kunyezimira kwa madzi. Pulogalamu imayeza kuwinduka kwa madzi nsomba zikamalimbirana chakudya ndi kuwerenga timibulu totsala. Dyetsani pa ola lomwelo ndi malo omwewo tsiku lililonse kuti masiku azifanizika. Ngati chakudya chimene chimatha m'mphindi 10 chayamba kutenga 20 kwa masiku awiri, mpweya ndi kutentha zili bwinobwino, kavuuleni nsomba zingapo muziyang'ane. Zimenezi zimatheka ndi chakudya choyandama chokha. Madeya amabalalika, kamera singawawerenge.

Kuyeza kulemera kumafuna makamera awiri omangidwa pachitsulo chimodzi, motalikirana mosasuntha, ngati maso a munthu. Amawongoledwa ali m'madzi momwemo ndi bolodi la timabokosi takuda ndi toyera ngati la draft, chifukwa madzi amapotoza kuwala. Pulogalamu imayeza kutalika kwa nsomba n'kusandutsa kulemera. Apa pali msampha: kulemera kumakwera ngati kutalika kuchulukitsa ndi kutalika, kuchulukitsanso ndi kutalika, ndiye nsomba ya masentimita 20 ikayezedwa ngati 22, kulakwitsa kwa 10 peresenti pa kutalika kumasanduka 33 peresenti pa kulemera. Muyeze nokha nsomba zosachepera 200 za misinkhu yosiyanasiyana pa rula ndi sikelo kuti pulogalamu ikhale ndi muyezo wa chambo chanu chomwe. Nsomba zolimba mtima ndi zazikulu ndizo zimakonda kudutsa pafupi ndi kamera, zofooka zimabisala m'ngodya, choncho mwezi uliwonse muzivuulabe 50 n'kuyeza pamanja kuti mufanizire. Phindu lake lili pa chakudya. Nsomba 5,000 za magalamu 200 ndi makilogalamu 1,000, ndipo pa 2.5 peresenti zimadya makilogalamu 25 pa tsiku. Mukaziyesa za magalamu 230 mudzathira 28.75. Pa makola 4 ndi makilogalamu 15 otayika tsiku lililonse, amenenso akuipitsa madzi.

Chomaliza, musakomedwe ndi mawu akuti pulogalamu yathu imalondola 90 kapena 95 peresenti. Tiyerekeze kuti kamera yaona nsomba 10,000 ndipo zodwaladi ndi 100. Ikapeza 90 mwa 100 zimenezo, koma n'kunamizira 5 pa 100 zilizonse zabwinobwino, ndiye kuti pa 9,900 zija yanamizira 495. Pa nsomba 585 zimene yaloza, zodwaladi ndi 90 zokha. Nambala ya tsiku limodzi siikuuzani zambiri. Chimene muziyang'ana ndi kukwera kwake poyerekeza ndi sabata yatha m'khola lomwelo.

Che Mdoka, Makawa

Zikomo kwambiri nonse, tikulemba zonsezi kuti tikawerenge pamsonkhano wa kalabu. Ndifunsenso chimodzi. Achinyamata athu akuti pali mapulogalamu a pafoni oti ukajambula nsomba ya chilonda amakuuza dzina la matenda ndi mankhwala ake. Amenewo tingawakhulupirire?

Mayi Nasibeko, za umoyo wa nsomba

Che Mdoka, pa dzina la matenda ayi, ndipo pa mankhwala ayi ndithu. Chilonda chofiira pathupi la nsomba chingabwere ndi mabakiteriya a Aeromonas, chingabwere ndi kukhulika pa ukonde, kulumidwa ndi ng'azi kapena kujompholedwa ndi mbalame, chingakhalenso EUS. Pachithunzi zonsezi zimafanana, ngakhale kwa katswiri. EUS, matenda a zilonda zakuya oyambitsidwa ndi Aphanomyces invadans, anatsimikizika m'dziko muno mu 2020 ku Mchinji, atavutitsa kale ku mtsinje wa Zambezi ndi Chobe kuyambira cha m'ma 2006. Chilunguni ndi mlamba zimagwidwa nawo, ndipo amakonda nyengo yozizira ndi madzi a pH yotsika. Amatsimikizidwa ku labotale pokha, poyang'ana mnofu wa pachilondapo kapena ndi njira yoyezera yotchedwa PCR. Alibe mankhwala ochiza nsomba zimene zagwidwa kale, ndipo ndi matenda oyenera kukanena ku boma. Mukaona zilonda zakuya pa nsomba zingapo, siyani kusamutsa nsomba, madzi, maukonde ndi ndowa kuchoka pamalopo, ndipo dziwitsani a ofesi ya zausodzi ya boma la Mangochi tsiku lomwelo. Pulogalamu ikakunamizani kuti ndi kachilonda wamba, inu n'kugulitsa mbewu kwa mnzanu wa ku Namwera, matenda mwawanyamula nokha.

Pamene kamera ingathandizedi ndi pa kasambiridwe. Matenda a Streptococcus, amene amavuta alimi a makola m'maiko otentha madzi akafika cha m'ma madigiri 30, amagwira ubongo. Nsomba imasambira mozungulirazungulira, imapindika thupi, diso limatupa n'kuchita mtambo, imadzipatula pagulu n'kumangoyandama m'mphepete mwa ukonde. Pulogalamu yotsata kayendedwe ingaone nsomba zotere zikadali zochepa. Koma Tilapia Lake Virus, imene inafotokozedwa koyamba ku Israel mu 2014 ndipo inapezekanso ku nyanja ya Victoria, nayo imaononga maso ndi kufooketsa nsomba. Kamera ingakuuzeni kuti pali vuto, singakuuzeni kuti ndi liti.

Tizilombo ta pamakha ndi pakhungu, monga Trichodina ndi Dactylogyrus, kamera sitiona n'komwe. Chimene ingaone ndi nsomba zikudzikhula pa ukonde, kung'anima cham'mbali, kapena kupuma mofulumira pamene mpweya uli wokwanira. Pamenepo pafunika maikulosikopu. Palani pang'ono mamina a pakhungu ndi kachidutswa ka makha kuchokera ku nsomba yamoyo, ikani pagalasi ndi dontho la madzi a pomwepo, yang'anani nthawi yomweyo tizilomboto tikadayenda. Kumalo monga Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, National Aquaculture Centre ku Domasi kapena LUANAR ku Bunda n'kumene kuli anthu odziwa ntchito imeneyi, funsani kudzera kwa mlangizi wanu. Potumiza nsomba kukayezetsa sankhani 5 kapena 10 zimene zikudwala koma zikadali moyo. Yofa dzulo yawola kale m'kati, siithandiza. Ngati sizingafike zamoyo, iliyonse m'pepala lake lapulasitiki pa ayezi, osaziumitsa mufiriji ngati akufuna kukayang'ana mnofu.

Musathire mankhwala a maantibayotiki m'chakudya chifukwa foni yatero. Nsomba yodwala sidya, ndiye mankhwalawo amadyedwa ndi zabwinobwino, otsala n'kulowa m'nyanja imene anthu akumwa ndi kuwedzamo, ndipo mabakiteriya amazolowera.

Foni ija igwiritseni ntchito motere. Tsiku loyeza nsomba, jambulani nsomba 20 pa khola lililonse, pabolodi loyera lonyowa lokhala ndi rula, mbali zonse ziwiri, pamthunzi, msangamsanga kuti ibwerere m'madzi. Iliyonse ipatseni malikisi kuyambira 0 mpaka 3 pa maso, zipsepse, mamba, pakamwa ndi mtundu wa makha. Makha abwino amakhala ofiira kwambiri, otuwa kapena a bulauni akunena za vuto. Zipsepse zodyeka pa nsomba zambiri zimaloza kuthithikana kapena kulimbirana chakudya, mamba osupuka amaloza kagwiridwe kankhanza. Nsomba imamva kupweteka ndi mantha, ndipo yozunzika ndi imene imayamba kudwala. Muzisankha ndi kusamutsa m'mamawa kukadazizira, mutazisalitsa chakudya maola 24, ndi manja onyowa, osaziunjika m'ndowa youma. Zithunzi zimenezi, zikakhala ndi deti, khola ndi zotsatira za ku labotale, n'zimene zidzaphunzitse pulogalamu yodziwa chambo chathu. Zisungeni, ndipo kampani iliyonse ikafuna kuzitenga, mgwirizano unene momveka kuti mwini wake ndi kalabu.

Abiti Chande, Mpwepwe

Ndiwonjezere chimene sitinachikhudze, Che Mdoka. Foni ikalira 2 koloko usiku kuti mpweya wafika pa 3, adzuke ndani, ndipo akachite chiyani? Mugwirizane zimenezi pamsonkhano wanuwo musanagule chilichonse. Uthenga uzipita kwa anthu atatu, ndipo mmodzi akhale wogona pafupi ndi bwato.

Wofika pamalopo ayambe wayeza ndi kamakina ka m'manja kuti atsimikize kuti sensa sikunama. Ngati mpweya watsikadi, chakudya cha m'mawa chisathiridwe mpaka ubwerere pamwamba pa 5, ndipo tsiku limenelo nsomba zisagwidwe, kusankhidwa kapena kuyezedwa. Pakhola, mangani boti la injini chapatali pang'ono n'kuliliza kuti likankhire madzi atsopano kudutsa mu ukonde, mosamala kuti pulopela isakole ukondewo, kapena gwiritsani ntchito pampu yotunga madzi apamwamba kunja kwa khola n'kuwapopera m'kati. Padamu, pampu itunge madzi a pamwamba, osati apansi pamatope, iwaponye m'mwamba kuti agwe ngati mvula. Ngati muli ndi madzi abwino olowetsa, tsegulani. Siyani kuthira manyowa mpaka kubiriwira kuchepe: mbale yoyera yomangidwa pandodo izionekabe pakuya masentimita 30 mpaka 40. Ikasowa isanafike 20, damulo labiriwira mopyola.

Pampuyo izikhala ndi mafuta ake osungidwa padera amene sabwerekedwa, ndipo muziiliza kamodzi pa sabata ngakhale kulibe vuto. Pa ndalama zimene mwasonkhazo, ine ndingatsatire ndondomeko iyi: kamakina ka m'manja ndi kope, kenako pampu, kenako masensa okhazikika pa khola limodzi lokha limene lili ndi nsomba zazikulu. Kamera ya kadyedwe imene anena bambo Kalonga ibwere masensawo atayenda miyezi itatu manambala ake akugwirizana ndi a kamakina ka m'manja, osasiyana kupitirira 0.5 mg/L.